Zithunzi za agogo zomatana m'sutikesi

Achimwene, mwafunsa za zithunzi za agogo anu za nthawi ya Wenela zomwe mwazipeza zitamatana m'sutikesi, komanso komwe mungakazisungitse.

Zomatanazo musazikoke. Chinyezi chimafewetsa kakhungu ka pamwamba pa chithunzi, ndiye mukakoka, nkhope imatsalira pa chinzake. Ziyanikeni kaye pamthunzi, osati padzuwa. Zikakanabe kulekana, zisiyeni choncho. Nkhungu ikauma ichotseni ndi kaburashi kofewa, osapukuta ndi nsalu yonyowa.

Za laminetingi iwalani, selotepi ndi guluu chimodzimodzi: zimawononga chithunzi ndipo sizichokanso. Chilichonse chikhale m'envelopu yakeyake, m'katoni, pa shelefu yotalikirana ndi khoma, poti chiswe sichichedwa. Kumbuyo lembani dzina, malo ndi chaka ndi pensulo yofewa. Bolopeni imadinda mpaka kutsogolo. Mayinawo afunseni azakhali akadali moyo.

Sikanani pa 600 dpi (dpi ndi muyeso wa pa sikana wa kuoneka bwino kwa chithunzi), kutsogolo ndi kumbuyo komwe, musunge malo awiri. Zotumizirana pa WhatsApp musadalire, zimafika zitachepetsedwa.

Zosungitsazo kafunseni ku National Archives ku Zomba, kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre. Musanapereke, mulemberane ngati mwapereka ulere kapena mwangobwereketsa.