Funsani Azakhali: Ntchito ikundiunjikira pa makina

Azakhali, ndine telala pa Kamuzu Road ku Salima. Ndimatsegula shopu mochedwa, foni sichoka m'manja, ndipo mayunifolomu a ana asukulu amaunjikana mpaka makasitomala kundikalipira. Mu Januwale ndinalumbira kuti ndizidzuka 4 koloko, ndisiye WhatsApp, ndizilembanso ndalama zonse m'kope. Sabata isanathe zonse zinandikanika. Nditani?
Mayi wa ana awiri, Salima

Mwanangu, munasenza mitolo itatu ulendo umodzi, khosi likanalimba bwanji? Inenso ndinkasoka kale, ndipo chinandithandiza ndi kanthu kakang'ono. Madzulo ndisanatseke, ndinkadula nsalu ya chovala chimodzi n'kuisiya pa makina, ulusi nditalowetseratu pa singano. M'mawa ndikafika, phazi linkangopita pa chopondera, osayamba kudzifunsa kuti ndiyambire pati.

Chitani chokhachi kwa masabata awiri. Za 4 koloko zisiyeni kaye. Ngati mumadzuka 6 koloko, muzilawirira ndi mphindi 15 zokha. Salima ndimamudziwa, mu Okutobala dzuwa likafika paliwombo pansi pa malata sipakhalika, choncho zovuta monga makolala ndi zipi muzisoka kusanatenthe.

Za foni ndikukumvetsani, poti makasitomala amatumiza ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba. Musaizimitse, ingoiikani m'kabati mpaka chovala choyambacho chithe. Tsiku lina mudzalephera ndithu, mwina kukagwa maliro kapena mwana akadwala. Mawa lake dulani nsalu ina, mupitirize. Za kope lija tidzakambirana mukandilemberanso.