Chimbudzi chatsekekanso: alipire ndani, ine kapena wa lendi?

Funso: Ndili ndi nyumba ya lendi kwa Mpondasi ku Mangochi. Chimbudzi cha madzi chatsekeka kachitatu chaka chino, ndipo pulambala ndimalipira ndine. Wokhalamo akuti mapaipi ndi akale. Kodi ndingadule ndalamazi pa depoziti yake?

Yankho: Mayi, musadule kanthu musanaone pamene patsekeka, chifukwa malo amenewo ndi amene amasonyeza woyenera kulipira. Pulambala akabwera, inu ndi wa lendi mukhalepo nonse, ndipo ayambe wavundukula manhole (kadzenje kotsekedwa pamwamba koonera mapaipi a zonyansa) yoyandikana ndi nyumba. Ikapezeka youma koma chimbudzi chili chodzaza, chatseka chili pakati pa chimbudzicho ndi manhole, m'paipi yaikulu ya 110mm. Kawirikawiri mumatuluka matewera a ana, mapadi, nsanza kapena mapepala olimba. Zimenezi sizisungunuka m'madzi, ndipo anaponyamo ndi wokhalamo. Jambulani pafoni zonse zimene zatuluka, iye akuona.

Koma manhole zonse zikadzaza mpaka ku septic tank (thanki yapansi yolandira zonyansa za m'chimbudzi), udindo ndi wanu. Mwina thanki yadzaza, popeza imafuna kupopedwa pakatha zaka zitatu mpaka zisanu, kapenanso msanga ngati anthu ndi ambiri. Mwinanso dzenje lomwetsa madzi pansi lalephera. Kufupi ndi mtsinje wa Shire kapena nyanja, madzi apansi amakwera nthawi ya dzinja, dzenjelo n'kusiya kumwa. Apa wa lendi alibe mlandu. Chimodzimodzi mizu ya mango ikalowa polumikizira mapaipi, kapena ngati mmisiri anayala paipi mopanda kutsetsereka bwino: pa mamita 4 aliwonse iyenera kutsika pafupifupi masentimita 10. Paipi yogona chabe imatsekeka ngakhale anthu asamale chotani. Kutsekeka katatu pa chaka chimodzi kukundichititsa kukayikira zimenezi, choncho pulambala ayeze. Ndipo musalole munthu kulowa m'thanki, mpweya wa mmenemo umapha.

Onaninso kukhitchini. Mchenga ndi phulusa zokwechera mapoto, mamba a chambo, makoko a nsima ndi mafuta ophikira zimagwirana n'kuuma m'paipi ya sinki ya 40mm kapena 50mm. Ikani kasefa pa sinki, ndipo mapoto azikwechera panja, kutali ndi gully trap (kadzenje kapanja kolandira madzi a m'sinki).

Za depoziti: ngati pangano lanu ndi lapakamwa, kudula ndalama kudzabala mkangano. Lembani pangano lonena kuti zotha ndi ukalamba, monga mawashala a mpopi, ball valve (chotsekera madzi akadzaza) ya m'thanki ya chimbudzi ndi kupopa septic tank, mukonza ndinu. Zotsekeka chifukwa cha zoponyedwamo alipira wa lendi, pa lisiti ya pulambala. Muikemonso kuti akaona kudontha akuuzeni pasanathe masiku awiri, chifukwa ball valve yotha imataya madzi usiku wonse, bilu ya Southern Region Water Board n'kukwera. Poyesa ngati pali podontha, tsekani mipopi yonse, werengani mita usiku ndi m'mawa.

Maulendo atatu apitawo mulibe umboni, aiwaleni. Ulendo wina umboni ukapezeka koma iye n'kukana, musamudulire madzi kapena kuzula chitseko. Mulembereni kalata yokhala ndi tsiku lomaliza kulipira, ndipo akapanda kutero, pitani ku khoti la majisitireti ndi zithunzi, lisiti ndi pangano lija.