Agogo anachokera ku Poland: kufufuza kwawo muyambire pati?

Mayi wina wa ku Ndola wandilembera imelo. Akuti agogo awo, mayi a bambo awo, anali mzungu wa ku Poland. Anafika ku Northern Rhodesia, yomwe lero ndi Zambia, ali mtsikana pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anakhala pa msasa wa Bwana Mkubwa, kenako anakwatiwa komweko osabwereranso kwawo. Za kumene anachokera sankakonda kukamba. Akangotchula chisanu cha ku Siberia, ankatonthola. Chomwe chatsala ndi chithunzi chimodzi, kabuku ka mapemphero ndi dzina la makolo awo limene aliyense m'banjamo amalilemba mwakemwake. Funso lawo ndi lakuti ayambire pati kuti apeze abale ku Poland.

Amayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ngati imeneyi. Yankho langa ndi lakuti musayambire ku Poland. Kumeneko mabuku a kubadwa ndi a ukwati ankalembedwa parishi ndi parishi, ndipo palibe buku limodzi la dziko lonse lomwe mungatsegule n'kupezamo agogo ndi dzina lokha. Chofunika kuposa zonse ndi dzina la mudzi umene anabadwira. Dzina limenelo nthawi zambiri limapezeka m'mapepala a m'njira imene munthu anadutsa, kotero muyenera kulondola mapazi awo chobwerera, kuyambira ku Ndola komweko.

Njirayo ndiifotokoze, chifukwa zimene mwalembazi zikugwirizana ndi ulendo umene anthu ambiri anayenda. Pa 17 September 1939 asilikali a Soviet Union analowa kum'mawa kwa Poland. Kuyambira pa 10 February 1940 mpaka pakati pa 1941, mabanja ambirimbiri anatengedwa usiku, kulongedwa m'mabogi a katundu ndi kutumizidwa ku Siberia, ku Kazakhstan ndi kumpoto cha ku Arkhangelsk. Germany itaukira Soviet Union, boma la Poland lomwe linali ku London linasainirana pangano ndi Moscow pa 30 July 1941, ndipo ogwidwawo anayamba kumasulidwa. Mu 1942 anthu pafupifupi 115,000 anatuluka ndi gulu la nkhondo la Poland lotsogozedwa ndi General Władysław Anders, ambiri mwa iwo powoloka nyanja ya Caspian kuchoka ku Krasnovodsk kukafika ku Pahlavi, ku Iran. Amuna anapita kunkhondo. Amayi, ana ndi okalamba anadutsira ku Tehran, Ahvaz ndi Karachi, ndipo oposa 18,000 anabweretsedwa ku Africa: ku Tengeru pafupi ndi Arusha ku Tanganyika, ku Masindi ndi Koja ku Uganda, ku Rusape ndi Marandellas ku Southern Rhodesia, komanso ku Northern Rhodesia pa misasa ngati Bwana Mkubwa, Lusaka, Abercorn, yomwe lero ndi Mbala, ndi Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata. Pamalo aliwonse amene anaima, wina ankalemba mayina. Ndi mayina amenewo amene mukufuna.

Koma musanapite ku ofesi iliyonse, khalani pansi ndi akuluakulu a m'banja, makamaka azakhali ngati alipo. Musawafunse kuti "agogo anali a kuti?" chifukwa adzangoti a ku Poland. Afunseni ngati kunkabwera makalata, ndipo masitampa ake anali a dziko liti. Afunseni ngati agogo anali ndi mng'ono, mkulu kapena mlongo amene anapita ku England, ndi mayina amene ankawatchula popemphera. Jambulani mawu awo pafoni. Kabuku ka mapempheroko kaunguzeni tsamba ndi tsamba, pakuti Akatolika a ku Poland ankakonda kusungamo tizithunzi ta oyera ta chikumbutso cha ukalistia woyamba, ndipo kumbuyo kwake kumalembedwa dzina la parishi ndi chaka. Kuseri kwa chithunzi chija muonenso.

Chachiwiri ndi buku la maukwati la tchalitchi kumene anakwatitsa. Pa zonse ndakambazi, ili ndi limene ndimaliyembekezera kwambiri. Wansembe asanadalitse ukwati amafunsa kumene munthu anabatizidwira ndi mayina a makolo ake, ndiye mzere umodzi wokha ukhoza kukupatsani bambo, mayi ndi parishi. Mwayi wina ndi wakuti ku Zambia kwagwira ntchito ansembe ambiri a ku Poland. Kadinala Adam Kozłowiecki, amene anapulumuka kundende ya chibalo ya Dachau ku Germany, anafika m'dzikomo mu 1946 ndipo anakhala arkiepiskopi woyamba wa Lusaka. Ngati wolemba m'bukumo anali mnzawo wa kwawo, dzina analilemba molondola. Mukachoka kutchalitchi, pitani ku National Archives of Zambia ku Lusaka mukafunse mafayilo a boma la atsamunda onena za anthu a ku Poland othawa nkhondo. Misasa itatsekedwa nkhondo itatha, ochepa okha ndiwo analoledwa kutsalira, ndipo wofuna kutsala ankayenera kupempha chilolezo. Pempho lotero limasiya pepala.

Pa nkhani ya dzina losokonekeralo, musade nkhawa kwambiri. Mayina ambiri a ku Poland amasintha malinga ndi munthu: bambo akakhala Kowalski, mkazi wake ndi mwana wake wamkazi amakhala Kowalska. Pofufuza pa intaneti yesani zonse ziwiri. Mukaona mawu akuti "z domu" kutsogolo kwa dzina, ndiye kuti limenelo ndi la makolo ake a mayiyo asanakwatiwe. Makalaliki achingelezi ankavutika ndi zilembo ngati ł, sz, cz ndi rz, ndipo w wa ku Poland amamveka ngati v, kotero lembani kalembedwe kalikonse komwe mwakumana nako, ngakhale kooneka kolakwika. Chaka chobadwa nachonso musachigwire ndi manja awiri. Ambiri anatuluka ku Soviet Union opanda pepala lililonse, ndipo zaka zinkalembedwa monga munthu wanenera.

Mukakhala ndi dzina ndi chaka, fufuzani mu Indeks Represjonowanych, mndandanda wa anthu amene anazunzidwa ndi boma la Soviet. Unayambitsidwa ndi bungwe la KARTA ndipo tsopano uli m'manja mwa Instytut Pamięci Narodowej, bungwe la boma la Poland losunga mbiri. Uli pa intaneti, waulere, ndipo nthawi zambiri umatchula dzina la bambo a munthuyo ndi dera limene anatumizidwa. Bungwe la Kresy-Siberia, lomwe anayambitsa ana ndi adzukulu a anthu amenewa, lili ndi mndandanda wake wa mayina. Ku London kuli Polish Institute and Sikorski Museum, ndipo ku Stanford, ku America, Hoover Institution imasunga maumboni amene anthu otuluka ku Soviet Union analemba okha. Ngati bambo kapena mlongo wa agogo anali msilikali wa Anders, fayilo yake ya usilikali inatsala m'manja mwa boma la Britain, ndipo mafayilo otere amatchula kumene munthu anabadwira ndi mayina a makolo ake.

Pali chinthu chimodzi chimene muyenera kukonzekera mumtima. Mudzi wa agogo mwina lero suli ku Poland. Mu 1945 malire anasunthidwa, ndipo madera a Lwów, Tarnopol ndi Wołyń anapita ku Ukraine, Nowogródek ku Belarus, Wilno ku Lithuania. Ichi n'chifukwa chake ambiri a m'misasa ya ku Africa sanabwerere: kwawo kunali kutasanduka dziko lina. Ndikuganiza kuti kutonthola kwa agogo kunachokeranso pamenepa. Komabe mabuku ambiri a maparishi Achikatolika a madera amene anapita ku Ukraine anasamutsidwira ku Warsaw, ndipo akale ali ku Archiwum Główne Akt Dawnych, nyumba yosungira zikalata zakale. Pa intaneti, mayina ochuluka anakoperedwa kale pa Geneteka, ndipo zithunzi za masamba ena zili pa Szukaj w Archiwach ndi FamilySearch. Musadabwe kupeza mabukuwo ali m'Chilatini kapena m'Chirasha. Kuyambira 1795 mpaka 1918 Poland inali yogawidwa pakati pa Russia, Prussia ndi Austria, ndipo chilankhulo cha m'kaundula chinkatsata wolamulira dera. Mabuku a kubadwa osakwana zaka 100 sawonetsedwa kwa aliyense. Mudzafunika kusonyeza kuti ndinu mdzukulu, choncho sungani satifiketi yanu yobadwa ndi ya bambo anu.

Abale amoyo nawonso mwina sali kumene mukuganiza. Ambiri mwa amene anatsala kum'mawa anasamutsidwira kumadzulo kwa Poland, cha ku Wrocław ndi Szczecin. Ambiri a m'misasa ya ku Africa anakwera sitima kupita ku Britain cha m'ma 1948 kukakumana ndi amuna ndi abambo awo, ndipo mindandanda ya okwera sitimazo ili ku National Archives ku Kew, ku London. Red Cross ya ku Poland mpaka pano ili ndi ofesi yofufuza anthu amene anasiyana chifukwa cha nkhondo. Mukamawalembera, kalata ikhale yaifupi: dzina m'kalembedwe kake konse, mayina a makolo, chaka chobadwa, mudzi ngati mwaupeza, ndi msasa wa Bwana Mkubwa. Mukapeza mzere wa m'buku la maukwati uja, nditumizireni chithunzi chake kuti tiuwerengere limodzi.