Nsomba ikatha, nkhono zimachuluka

Achimwene, mwafunsa kuti mtundu umodzi wa nsomba ukachepa m'nyanja, ife anthu zimatikhudza bwanji poti nsomba zilipo zambirimbiri. Zimatikhudza ndithu, ndipo osati pa ndiwo pokha.

Tiyambire pansi. Mu Nyanja ya Malawi zonse zimayambira pa ndere, timbewu tosaoneka ndi maso tomwe timakula ndi dzuwa. Ndereyo imadyedwa ndi tizilombo ting'onoting'ono toyandama m'madzi, tizilomboto n'kudyedwa ndi usipa ndi utaka. Usipawo ndiye chakudya cha ncheni, ndipo nkhwazi ili pamtengo kudikira nsomba yoyandikira pamwamba. Koma sizoyenda mzere umodzi ayi. Mphutsi za nkhungu, zouluka zija zimatuluka m'nyanja ngati utsi ku Nkhata Bay, zimadya tizilombo tomwe tija, kenako nsomba zimadya mphutsizo. Zolukanalukana ngati ukonde.

Nkhani yomwe imandipweteka mtima ndi ya ku Chembe, ku Cape Maclear. Kuli nsomba za kumchenga zomwe zimaphwanya nkhono ndi mano a kukhosi n'kudya. Makoka a maso aang'ono, ngakhale masikito, atakokolola nsombazi m'mphepete mwa nyanja, nkhono zinasowa wozidya, zinaswana. Ndipo nkhono zimenezi ndi zomwe zimasunga tizilombo ta likodzo. Akatswiri atafufuza anaona kuti nsombazo zitachepa, likodzo linakwera pakati pa ana a sukulu.

Mwana wosamba pagombe lero akukodza magazi chifukwa cha khoka lomwe linakokedwa iye asanabadwe.