Amene anatiphunzitsa kusamala tchire atisiya, tiwalemekeze bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo iyi. Ndaifupikitsa, ndipo mayina ndachotsa monga mwini wake anapemphera: "Mwezi wathawu tataya bambo amene anaphunzitsa gulu lathu lonse ntchito yokonza malo okhala nyama zakutchire. Kwa zaka zoposa 30 anasandutsa munda woguga kukhala mudzi wa mbalame, agwape ndi akalulu, ndipo aliyense wofuna kuphunzira ankamuyendetsa m'malomo kwaulere. Ine si m'bale wawo, koma ndikulira ngati ndi bambo anga ondibala, mpaka ndikuchita manyazi. Anzanga akufuna tisonkhe ndalama, timange chipilala ndi kubzala mitengo 500 pamalo pawo. Kodi njira yoyenera yowalemekeza ndi iti?"

Pepani kwambiri, achimwene. Manyaziwo achotseni. Munthu amene anakuimitsani panjira n'kukusonyezani kuti apa panagona gwape usiku, apa yafukula ndi nkhwali, udzu uwu ngwabwino, uwo ngwachabe, anakupatsani maso. Musanakumane nawo munkangoti "tchire", lero mukuonamo zinthu zambirimbiri, chilichonse ndi dzina lake. N'chifukwa chake maliro a mphunzitsi wa ntchito iyi sachoka msanga pamtima. Paliponse pamene mwaponda mukumana nawo, poti chitsamba chilichonse chimene mukuchidziwa anakuuzani ndi iwowo. Lirani ndithu. Ndipo pitani mukawauze apabanja kuti mukulira. Kawirikawiri akunyumba sadziwa kuti munthu amene ankafika madzulo ali matope okhaokha, chisoso chili m'thalauza monse, anali wamkulu chotani pamaso pa anthu ena.

Tsopano za chipilala ndi mitengo 500. Ndalama sonkhani, koma makasu muyambe mwawaika pansi.

Anthu a kunja kwa ntchitoyi amaganiza kuti kukonzera nyama malo ndi kubzala mitengo basi. Inu mukudziwa kuti mbali yaikulu ndi kudula, kupatulira, kutentha pa nthawi yake, ndi kusiya pena osakhudza. Nyama zambiri zimadya pansi ndipo zimabisala pansi: mu udzu, m'mphukira, m'zitsamba zofika m'chiuno. Mitengo ikakumana kumwamba, dzuwa silifikanso pansi, msipu umatha, ndipo mbalame zoikira mazira pansi zimasowa pobisa zisa. Nkhalango yooneka bwino pa chithunzi imatha kukhala ya njala. Choncho malo amene anzanuwo akuwaona ngati mpata wongokhala, woyenera mbande 500, mwina ndi pomwe malemuwo anakhetserapo thukuta zaka 30 kuti pasatsekeke.

Izi sindikunena zongomva. Amene anandiphunzitsa ine atamwalira, tinasonkhana anthu achikondi, tili ndi chisoni komanso manja oyabwa, n'kubzala mzere wa mitengo yokula msanga m'mphepete mwa kadambo kawo. Tinajambulitsa, tinayankhula mawu abwino. Patapita zaka zingapo mthunzi unaphimba udzu, malo amene ankakhala onyowa anayamba kuuma msanga, ndipo mbalame za m'dambo zimene iwo ankadzuka m'mamawa kukawerenga zinachepa. Tinadzadula tokha mitengo ija. Tsiku limenelo ndinachita kumva mawu awo m'mutu akufunsa funso lawo la masiku onse: "Mwabzalira ndani?" Yankho loona linali lakuti tinabzalira mitima yathu.

Chimene ndikufuna mumve n'chakuti ntchito ya munthu wotere si ili ngati nyumba, yomwe mmisiri akamwalira imaimabe. Tchire limayenda. Mukasiya malo a udzu osawasamala, zitsamba zimalowerera, kenako timitengo, kenako nkhalango yothithikana, ndipo kumene kumagwa mvula yambiri izi sizitenga zaka zochuluka. Njira zotchinga moto zimamera. Zomera zachilendo zimene ankazizula chaka ndi chaka zimabwerera ngati zamva kuti mlonda wachoka. Herbert Stoddard, amene anafufuza za kuchepa kwa zinziri za mtundu wa bobwhite m'nkhalango za paini kumalire a Georgia ndi Florida ku America, anasonyeza mu 1931 kuti kuletseratu moto kunkawononga malo a mbalamezi, pa nthawi imene akatswiri ambiri a zankhalango ankaona moto uliwonse ngati mdani. Malo otere amafuna moto woyang'aniridwa pafupipafupi, pakangopita chaka kapena zaka ziwiri zitatu. Mu 1958 anathandiza kukhazikitsa malo a kafukufuku a Tall Timbers, ndipo ngakhale anamwalira mu 1970, kumeneko akutenthabe mpaka lero. Chipilala chake chenicheni ndi utsi umene ukufukabe pa nyengo yake.

Ndiye funso loyamba pa msonkhano wa gulu lanu lisakhale lakuti timange chiyani. Likhale lakuti, nyengo ikubwerayi bambo aja akanachita chiyani, ndipo achite ndani? Ngati pali damu loti likumbidwe matope, mpanda woti ukonzedwe, chigawo choti chipatuliridwe, lembani mayina pambali pa ntchito iliyonse. Ndalama zimene mwasonkha zigule mafuta, zida ndi mbewu za zomera za komweko.

Koma musanaponde m'malomo ndi nkhwangwa, kumbukirani kuti malowo tsopano ali m'manja mwa banja. Apa magulu ambiri amalakwitsa. Chifukwa choti malemu ankatsegulira aliyense chipata, ophunzira amayamba kuona ngati malowo ndi awo, amafika osagogoda, amauza mayi wamasiye zimene "bambo akanafuna". Mayiwo anakhala nawo m'nyumba imodzi, inu munkangoyenda nawo Loweruka. Tumani anthu awiri okha, akapepese, akafunse ngati banja lingalole kuti ntchito ipitirire, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe. Mwina adzafuna kugulitsa, ndipo ndi ufulu wawo. Ngakhale anthu otchuka sanapulumuke vuto la malo: Yacouba Sawadogo wa ku Burkina Faso, amene anameretsa nkhalango pa nthaka youma gwa pokumba maenje otchedwa zaï n'kuthiramo manyowa kuti chiswe chiboole njira za madzi, analimbana kwa zaka zambiri ndi kukula kwa tauni ya Ouahigouya kumene kunkadya malo ake, asanamwalire mu December 2023. Ngati malo a mphunzitsi wanu atapita, ntchito yawo iyenera kukhala itasamukira kale m'minda yanu.

Apa ndi pamene ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa n'chimene chimatayika msanga kuposa zonse. Nzeru za bambo aja panopa zamwazikana m'mitu ya anthu mwina 20. Wina anamuuza chifukwa chake satentha mbali ya kumtsinje. Wina anamusonyeza pamene pamatuluka kasupe chaka cha mvula yambiri. Wina akudziwa mtengo umene ankauletsa kudula chifukwa cha mphako yake. Palibe mmodzi amene ali nazo zonse, ndipo pakatha zaka ziwiri aliyense adzayamba kukumbukira zimene zikumukomera. Yendani malowo pamodzi mwezi uno, mmodzi atanyamula foni yojambula mawu, wina mapu. Paliponse pamene wina wati "apa anandiuza kuti", imani, lembani. Mudzalira panjira, mudzasekanso, chifukwa nkhani za ukali wawo ndi nthabwala zawo zidzatuluka pamodzi ndi za udzu. Mwambo wa chikumbutso woposa umenewu sindikuudziwa.

Ndipo funsani apabanja ngati malemu ankasunga makope. Anthu a ntchitoyi ambiri amalemba: tsiku limene maluwa akuti anayamba, tsiku limene mbalame yakuti inafika, kumene mphepo inkachokera pa tsiku lotentha tchire. Timakope tothimbirira timeneti anthu amatitaya akamasesa m'nyumba ya womwalira. Taonani za Aldo Leopold, katswiri wa zachilengedwe wa ku America. Mu 1935 anagula famu yoguga m'mbali mwa mtsinje wa Wisconsin, ndipo iye ndi banja lake anabzalapo mitengo pafupifupi 40,000, ngakhale yambiri yoyambirira inafa ndi chilala cha 1936. Ankalemba masiku a maluwa ndi a mbalame chaka ndi chaka. Anamwalira pa 21 April 1948, mtima utaima pamene ankathandiza kuzimitsa moto pa famu ya mnansi wake. Mu 1976 mwana wake wamkazi, Nina Leopold Bradley, anabwerera kuderalo n'kuyambiranso kulemba zomwezo. Pofika 1999 iye ndi anzake anaika zolemba ziwirizi pamodzi n'kusonyeza kuti zomera ndi mbalame zambiri zinayamba kufulumira kusiyana ndi m'masiku a bambo ake, chifukwa nyengo ikutentha. Bambowo polemba sankadziwa kuti akuyankha funso limenelo. Nyumba ya chikumbutso chake inadzatsegulidwa mu 2007, patapita zaka 59, ndipo matabwa ake ena anachokera ku paini amene banjalo linabzala, atapatuliridwa kuti otsalawo akule bwino. Mukuona ndondomeko yake? Anayamba ndi kupitiriza ntchito, chomanga chinabwera pambuyo, ndipo chinatuluka mu ntchito yomweyo.

Sindikuti chipilala n'choipa. Anthu timafuna pena poti tiimepo n'kuvula chipewa. Koma chifanane ndi mwini wake. Wangari Maathai wa ku Kenya, amene anayambitsa bungwe lobzala mitengo la Green Belt Movement mu 1977, atamwalira mu September 2011 anaikidwa m'bokosi lolukidwa ndi namasupuni ndi gumbwa pa mafelemu a nsungwi, chifukwa sanafune kuti mtengo udulidwe chifukwa cha maliro ake. Kwa bambo anuwo mwina n'kokwanira benchi pamalo pamene ankakonda kukhala madzulo, kapena kutcha dzina lawo kadamu kamene anakumba. Ngati mitima ikufunabe kubzala, bzalani mitengo yochepa, ya mtundu umene iwo ankaukonda, pamalo pamene iwo akanavomereza, ndipo pakhale wothirira ndi woteteza ku ziweto. Mbande za chikumbutso zimene zauma pakatha miyezi itatu zimapweteka mtima kuposa kusabzala n'komwe.

Chenjezo lina, ndipo ili mwina simulikonda. Pakapita nthawi, m'gulu mwanu mudzatuluka alonda a mawu a malemu, oti chilichonse chatsopano amachikana ndi "iwo sankatero". Mawu a akulu amakoma akagonera, inde, koma mphunzitsi amene anakhala zaka 30 pa nthaka imodzi anasintha maganizo kambirimbiri, apo ayi sakanafika pamene anafika. Leopold yemweyo ali mnyamata ankalimbikitsa kupha mimbulu kuti agwape achuluke, kenako anadzaona agwape ochuluka akudya mapiri mpaka kuyera, ndipo anavomera poyera kuti analakwitsa. Polemba nzeru za bambo anu, musangolemba zimene ankachita. Lembaninso chifukwa chake, ndi zimene anayesa n'kuzisiya. Nthaka idzasintha, mvula idzasintha, ndipo tsiku lina mudzayenera kuchita chimene iwo sanachitepo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa kalata yanu ndi nyengo yotentha tchire yoyamba popanda iwo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo pa ntchito yanuyi mwambiwu si fanizo chabe: ndi iwo amene ankayang'ana kumwamba, n'kufikisa udzu m'manja, n'kunena kuti lero ayi. Chisoni chimakankha anthu kuti achite zazikulu pofuna kusonyeza kuti anaphunzira. Musayatse moto chifukwa cha chikumbutso. Ngati pakati panu palibe amene anatsogolerapo yekha ntchito yotentha, itanani wodziwa wochokera kwina, tsatirani malamulo ndi zilolezo za kwanuko, dziwitsani anansi, lambulani njira zotchinga moto kawiri, ndipo tenthani kachigawo kakang'ono kuposa kamene iwo akanatentha. Chaka chimodzi chosatentha tchire limakhululuka.

Inuyo panokha, achimwene, mwati anakuyendetsani kwaulere. M'gulu mwanu muli wina watsopano, amene anafika mochedwa, anangowaona kawiri kapena katatu, ndipo pa maliro anaima kumbuyo poganiza kuti alibe gawo. Muimbireni foni. Loweruka likubwerali mutengeni m'mamawa mame asanaume, muyambire pachipata pomwe iwo ankayambira, ndipo mukafika pamene panagona gwape, musamuuze msanga. Muyambe mwamufunsa chimene akuona.