Kwa mayi a ku Ngabu: phiri lophulika limaopsa ngakhale lili phee

Mayi ena a ku Ngabu anditumizira imelo yokhudza mwana wawo amene akugwira ntchito ku Goma, m'dziko la DRC. Akuti mwanayo amawauza kuti asadandaule chifukwa phiri lophulika la Nyiragongo, limene lili pafupi ndi Goma, lili phee, ndiye akufunsa ngati phiri lotere limaopsa pamene silikulavula moto.

Mayi, limaopsa ndithu. Anthu amakumbukira chiphalaphala chamoto chimene chinalowa mu Goma mu Januwale 2002 ndi chimene chinatsika pa 22 Meyi 2021, koma amaiwala kuti phiri lotalika mamita 3,470 limeneli linakula ndi miyala ndi phulusa zimene zinkangosanjikizana. Chivomerezi chaching'ono kapena mvula ya usiku umodzi imatha kumasula mwala pamtsetse, ndipo mwalawo pogubuduka umatenga inzake.

Phulusa lake musaliyerekeze ndi la pamafuwa limene timachezera chidulo. Ndi miyala yoperesedwa, tizidutswa tosakwana mamilimita 2, takuthwa ngati galasi losweka, ndipo silisungunuka m'madzi. Limakanda m'maso ndi kubanikitsa odwala mphumu. Likaunjikana pamalata n'kunyowa, limalemera ngati mchenga wongovuulidwa mu Shire. Phiri la Pinatubo litaphulika ku Philippines mu 1991, anthu ambiri anafa chifukwa madenga anawagwera, phulusa litanyowa ndi mvula ya namondwe.

Chimene ine ndimaopa kwambiri n'chimene ife a kuchigwa timachidziwa kale. Mtsinje wa Mwanza umatha kudzaza kwathu kuno kusanagwe dontho, chifukwa mvula yagwa kumtunda, ndipo tinaona napolo amene anatsika m'phiri la Soche nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Paphiri lophulika, mvula imakokolola phulusa n'kukhala thope lolemera ngati simenti yokandidwa, lonyamula miyala ikuluikulu, ndipo limatsata makwawa. Ku Pinatubo, matope oterewa ankakwirira midzi kwa zaka zingapo phirilo litazizira.

Choncho mumuuze mwanayo kuti asamayende m'makwawa ochokera kuphiri mvula ikamagwa kumtunda. Phulusa likayamba kugwa, avindikire madzi akumwa, avale masiki kapena nsalu yonyowa, asatikite m'maso koma atsukemo ndi madzi oyera, ndipo alisese padenga mosamala lisananyowe.