Tifunseni: Zovala za mfumu yovina ya ku France ndizisoke bwanji?

FUNSO: Ine ndine telala kuno ku Ndirande. Aphunzitsi ena andipatsa oda ya zovala za sewero la ana asukulu, akuti ndi nkhani ya mfumu ya ku France yomwe inkavina pagulu. Pachithunzi chomwe andionetsa pafoni mwamuna wavala kasiketi ndi nthenga kumutu. Zinalidi choncho? Nanga nsalu yake ndiipeza kuti poti ndalama yomwe andipatsa ndi yochepa? Telala, Ndirande

YANKHO: Zinalidi choncho bambo, musaseke. Mfumu yake ndi Louis XIV, mu 1653 ali ndi zaka 14 anavina ku Paris mu gule wapasiteji wotchedwa Ballet de la Nuit ngati dzuwa lotuluka, malaya agolide okhaokha, cheza cha dzuwa atachisokerera pakhosi, m'manja, m'mawondo mpaka pansapato, kumutu nthenga zazitali. Kasiketi kaja ankakatcha tonnelet, ankatengera zovala za asilikali achiroma ndipo amuna ovina ankakavala kolekeza chammawondomu, kolimba, kotukuka m'mbali ngati dengu lovundikira.

Koma chomwe mugwiritsitse ndi ichi, nthawi imeneyo kunalibe magetsi, siteji inkawala ndi makandulo ndi nyale zamafuta basi ndiye chovala chosanyezimira chinkangomira mumdima, nchifukwa chake anthu ngati Jean Berain, yemwe anayamba kujambulira mfumu zovala mu 1674, ankadzaza ulusi wagolide ndi wasiliva, timiyala tonyezimira, zonse kuti zigwire kuwala. Ndipo chovala chinkauza owonera kuti uyu ndi ndani asanatsegule pakamwa, wa m'nyanja ali ndi zigoba za nkhono, mzimu wa kumidima ali ndi njoka ndi malawi a moto. Ovina ankavalanso zophimba kumaso mpaka cha m'ma 1770.

Ndiye inu musataye ndalama pa nsalu yodula, munthu wakhala kumbuyo kwa holo sadziwa mtengo wa mita. Pitani pa kaunjika ku Limbe mufune makatani olemera amaluwa aja, ayelo kapena ofiira, mugule ma sequin (tinthu tonyezimira tosokera pa nsalu tija) ndi riboni yagolide, kasiketiko muike waya kapena sitifu mkati kuti kaime. Nthenga za nkhuku zoyera zikwana. Kuzisoka zisagwe mwana akadumpha ndiye ntchito yake, muzisokere pa lamba wansalu osangozimata ndi guluu.

Atsikana samalani nawo. Akazi anayamba kuvina pa siteji ya opera (masewero oimba) ku Paris mu 1681 atavala madiresi olemera ofika pansi, mpaka wovina wina, Marie Camargo, anadzafupikitsa siketi yake kuti mapazi azioneka, ndipo Marie Sallé ku London mu 1734 anataya zonsezo nkuvina ndi kansalu kopepuka. Ine ndingatsate Camargo, ilekeze pamwamba pa akakolo, ana athuwa akangoponda mpendero sewero lathera pomwepo. Muwayeze atavala nsapato zomwe adzavine nazo tsikulo.